Mboni Yachiwiri

Anandiitana Lachiwiri dzuwa likuswa mtengo,
ndili pakhonde pa Kamuzu Road, buluku la mwini m'mano mwa makina.
"Siya kaye ulusi, Lameki, bwera ndi dzanja lako lamanja."
Ndinkayesa pali matumba oti tinyamule.

Kunalibe thumba. Kunali pepala.
A Chimbalanga ali tsonga kuseri kwa chigayo chawo,
fumbi la mpunga m'nsidze,
atavala malaya amene ndinasoka ine
ndipo anali asanandilipire.
Pambali pawo loya wachitsikana, nsapato zitayera ndi msewu,
ndi Che Ajibu a kubutchala, akupukuta manja m'thewera.

Ndinati, kodi mukudwala?
Iwo amvekere, "Denga amafolera mvula itagwa kale?"
Ndinati, zoterezi zimaitana imfa.
"Imfa sidziwa kuwerenga, Lameki.
Ine ndikulembera amoyo,
aja amadziwa chiwerengero cha malata a nyumba ya mnzawo."

Loya anayala mawu ake ngati nsalu pa tebulo:
mwini asaine mutu uli m'malo,
mboni ziwiri zione ndi maso nthawi imodzi,
ndipo mboni isakhale ndi gawo m'katundumo.
"N'chifukwa chake ndasankha iwe," anatero mkuluyo,
"sindikusiyira ngakhale singano."
Tinaseka. Kwanga kuseka kunathera pakhosi.

Sikunali kofunika kuti timve za m'katimo,
koma iwo anawerenga mokweza, chala chikutsata mzere.
Nyumba ya Esinati, asamusunthe munthu.
Chigayo chisagulitsidwe;
chikhale m'manja mwa osunga awiri,
aphunzitsi a Kamphinda ndi mlongo wawo wa ku Khombedza,
osati kuti adye, koma agwirizire Ndaziona
mpaka atamaliza sukulu,
kobiri lililonse lilembedwe m'kaundula.
Kenaka anakhosomola,
natchula mnyamata wa ku Chipoka uja,
amene Salima yense ankamudziwa
koma palibe ankamutchula dzina.
Anamulemba. Dzina lonse, ndi la bambo lomwe.

Ndinasaina pansi pa Che Ajibu.
Dzanja losaphonya mpendero linanjenjemera pa zilembo zisanu ndi chimodzi.

Panadutsa dzinja katatu.
Anagwa m'mawa wina akumangitsa lamba wa injini.

Tisanamete n'komwe, lole inafika ya abale,
woyendetsa osazimitsa,
maso awo akuzula kale misomali padenga.
Wina anafunsa Esinati makiyi
ngati akufunsa mchere.
Iye sanalire, sanatukwane.
Anangoti, "Pali wilo. Tikumane ku ofesi Lolemba."

Lolemba anandifunsa funso limodzi lokha:
kodi dzina ili munalemba ndinu?
Ndinayang'ana zilembo zanga zokhotakhota,
zonyansa ngati msoko wa wophunzira,
ndipo ndinati inde.
Sindinadziwe kuti inde angalemere kuposa lole.
Inabwerera ikulira mabampu, yopanda kanthu,
kupatula thumba la madeya
limene wamasiye anawaninkha yekha, la nkhuku zawo.

Patatha mwezi a Kamphinda anaima pakhonde langa
ndi envelopu yopyapyala.
"Ngongole zimayamba kutuluka, cholowa pambuyo.
Iyi ndi ya malaya."
Anali atazilemba m'kope, mkulu uja,
tsiku, mtundu wa nsalu, ndi mabatani omwe.

Chigayo chikulirabe.
Ndaziona amadutsa ndi yunifolomu imene ndafutukula kawiri.
Mnyamata wa ku Chipoka amabwera Loweruka kudzathira girizi,
salowanso chozemba.

Usiku ndimafunditsa makina anga chitenje,
n'kuwerenga: sizasi, ayironi ya makala, njinga,
kapuloti ka ku Kaphatenga kopanda mpanda,
ana anayi, achimwene awiri a maso akuthwa.
Ndagula kope la mizere.
Tsamba loyamba likadali mbuu.
Ndikuyenda m'tauni muno ndikusuzumira nkhope,
kufunafuna anthu awiri
oti ndisadzawasiyire kanthu.