Mabatani Makumi Anayi

Lolemba m'mawa ku Halifax, mvula ikuwaza pawindo.
Ndayala nyuzipepala zitatu patebulo lodulira nsalu,
tiyi wazizira m'kapu, sindinamulawe.

Bambo Crispin Tolley a ku London
atipatsa nyenyezi ziwiri mwa zisanu.
Akuti bukulo ndi dziwe lakuya,
ife tangotungamo kachikho n'kuthira shuga.
Akuti mtsikana wa m'buku sankaseka chonchi,
mano ake ayera kuposa a anthu a nthawi ya makandulo,
ndipo m'mutu womaliza
munalibe zopsompsonana pamvula.
N'zoona, munalibe. Nanenso ndinaliwerenga,
kawiri konse, m'basi ya ku Bradford,
pofuna kudziwa ngati mkazi wamasiye uja
anavula zakuda nkhani isanathe.

Mayi Odile Farrant iwo akondwa.
Akuti maso awo adya mpaka kukhuta:
nyumba yamiyala, akavalo, chifunga pazitunda,
"ndi madiresi okongola."
Mawu atatu.
Miyezi isanu ndi iwiri ya msana wanga
yakwana m'mawu atatu,
ndipo dzina langa limadutsa kumapeto kwa filimu
anthu atadzuka kale kukatereka ketulo.

Wachitatu ndiye wandilasa pamtima.
Anaimitsa chithunzi, n'kuchikuza, n'kuwerenga:
mabatani a pa diresi la ukwati
anabadwa zaka makumi awiri nkhaniyo itatha.
Sananame, mfitiyo.
Oyenera anasochera ku positi,
kujambula kuli mawa lake,
ndiye ndinakhuthula chitini cha mabisiketi cha malemu amayi,
ndinasankha makumi anayi ofanana,
ndinasoka mpaka mbalame kuyamba kulira.
Kadontho ka magazi anga kali mkati mwa mpendero,
kumeneko makina ake okuzira zithunzi safikako.

Koma palibe walemba za Tabitha,
wantchito wa kukhitchini
amene amalowa ndi ndowa ya malasha n'kutuluka osayankhula.
M'buku ali ndi mizere inayi basi.
Malaya ake ndinawaviika m'tiyi wakuda,
ndinawakhutiza panjerwa ya kuseri kwa nyumba,
ndipo chigamba cha pachigongono
ndinachisoka ndi dzanja lamanzere, dala,
kuti ulusi upite mokhotakhota
ngati wa mwana wa zaka khumi ndi zitatu
wosoka ali kuwodzera, kandulo itatsala chala chimodzi.

Cha m'ma leveni foni yalira.
Ndi Noreen, mng'ono wanga,
wa kunyumba yosungira okalamba ku Todmorden.
Akuti dzulo anawakhazika onse pamaso pa kanema,
mabulangete m'miyendo, ena tulo tofa nato.
Mayi Entwistle, aja anakalambira m'fakitale ya ubweya,
aja sanatsegule pakamwa chichokereni Khirisimasi,
anatukula chala Tabitha atawerama pamoto,
nati: "Wasoka apoyo ndi wamanzere.
Mkulu wanga Hilda ankasoka choncho,
ankamumenya nazo."
Atatero anakhalanso chete.
Za ukwati, za mvula, za akavalo, sananenepo kanthu.

Ndakhala kaye, foni ili m'manja,
ndikuyang'ana dzanja langa lamanzere
ngati mlendo amene wabwera osagogoda.

Ntchito sidikira.
Mwezi wamawa akufuna majekete a asilikali makumi atatu,
buku lina, nkhondo ina, mabatani amkuwa,
ndipo ulendo uno ndawaitanitsa msanga.
Pepala lojambulira latha,
choncho ndatenga tsamba la Bambo Tolley,
ndaliyala, ndalemba ndi choko, ndadula mkono wa jekete.
Pepala lawo n'labwino, silinyenyeka.
Nyenyezi ziwiri zija zagwera kukhwapa.