Zikhomo Zofiira pa Luchenza

Anabwera Lachiwiri, chiperoni chisanachoke m'minda ya tiyi,
amuna atatu a kukhonsolo ndi mtsikana wovala gambutsi,
chingwe choyezera m'manja, utoto wofiira m'chitini cha mkaka.
Chikhomo choyamba anakhoma pomwe ndimatsamiritsa njinga yanga.
Ndinati, achemwali, pano ndi pasiteji pathu.
Iye anati, madala, pano padzakhala wodi ya amayi.
Ndinasuntha njinga.

Zaka khumi ndi zinayi ndapalasa kabaza m'tauni muno.
Ndanyamula matumba a nandolo, mikoko ya nthochi, mbuzi yolira,
aphunzitsi ochedwa, zidakwa zolonjeza kulipira mawa,
koma ndinene mosabisa:
ndalama yeniyeni imachokera kwa odwala.
Wodwala sanenerera mtengo.
Ukatchula za ulendo wa kuboma
mlamu wake amangomasula mfundo ya chitenje.
Malata a nyumba yanga ndi malungo a anthu ena.
Fizi ya mwana wanga inali mwendo wothyoka
wa mnyamata wogwa mumtengo wa mapeyala.

Ndiye panali Esinala Namakhwa wa kuseri kwa njanji.
Usiku wa Januwale, mvula ya mbali, minibasi zitagona.
Anamumangirira kumsana kwanga ndi zitenje ziwiri,
mwamuna wake akuthamanga pambuyo, akukankha pachitunda.
Mphumi yake inkandiotcha pakati pa mapewa.
Ankati, fulumirani achimwene, mwanayu sakudikira.
Kenako analeka kunena.
Kenako mphumi ija inaleka kuotcha, inangolemera.
Ndinapalasabe zitunda zina ziwiri
chifukwa sindinafune kudziwa.

Mwamuna wake anandilipira ndithu.
Ndinalandira.
Ndinagula tcheni chatsopano.

Tsiku la msonkhano ndinaima pawindo la holo,
ndikudikira khansala amene ndinamubweretsa.
Wina anati malowo ndi golide, agulitsidwe kwa wa mafuta.
Wina anati bajeti ndi bulangete lalifupi,
ukafunda kumutu mapazi ali pamtetete.
Mayi Mulipa, amene kale anali namwino, sanakweze mawu.
Anangoti, simenti tikapempha, mchenga wa Thuchila ulipo,
malo ndi athu, chidindo chili m'dirowa umo,
chikutivuta n'chiyani, dzanja?
Manja anakwera mmodzimmodzi, ena mwaulesi.
Langanso linakwera kunja kuno,
ngakhale palibe analiwerenga.

Anzanga pasiteji akuseka.
Dafita akuti chiswe chidya zikhomozo simenti isanafike.
Akuti tinaonapo mwala wa maziko ukumera chisoso,
chikwangwani chikuchita dzimbiri mpaka dzina la kontirakita kufufutika.
Sindimutsutsa. Maso ndili nawo.
Akutinso, iwe wopusa, chipatala chikabwera pakhomo
adzakwera njinga yako ndani?
Apanso sindimutsutsa.
Chipinda chimodzi kwanga chikadali chosafolera.
Chidikire nandolo.

Tsopano atisamutsira kuseri kwa chigayo,
kumene fumbi la mgaiwa limatiyeretsa nsidze.
Koma m'mawa uliwonse ndimadzera konkuja kukawerenga zikhomo.
Zilipo khumi ndi zisanu ndi chimodzi.
Dzana ana a sukulu anazula chimodzi n'kuchisandutsa golo.
Ndinachibwezera m'dzenje lake,
ndinachikhomera ndi sipanala yanga
mpaka utoto unanditsalira m'chikhatho.
Mlonda anandifunsa ngati khonsolo yandilemba ntchito.
Ndinati ayi, ndili ndi ngongole chabe.

Dzulo madzulo, popanda wondituma,
ndinapita kuseri kwa njanji, pakhomo paja.
Pakukhala anthu ena tsopano, aphika kalongonda panja,
sanandidziwe, anayesa ndasochera.
Ndinatembenuza njinga, ndinayamba kuwerenga mapedulo
kuchokera pakhonde la Esinala
mpaka pachikhomo cha wodi ya amayi.

Mazana atatu ndi makumi anayi.
Palibe chitunda.
Thukuta silinatuluke n'komwe.