Wowerenga Mamita

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinayenda nalo buku,
pensulo kukhutu, nsapato zodyeka chidendene,
kuchokera ku Makata kukwera Ndirande,
kugogoda pazipata: odi, a magetsi!
Agalu a ku Nyambadwe ankandidziwa ndi fungo.
Wina anandisiyira chidindo pakatumba.

Mita inali ndi kambale kozungulira.
Ndikakayang'ana ndinkadziwa za m'nyumbamo:
kakathamanga, kwabadwa mwana, akusita matewera;
kakamayenda ngati nkhono, bambo ntchito yawathera ku Limbe.
Kwa Mayi Namagowa kanaima chilili mwezi wathunthu.
Ndinalemba nambala yomweyo kawiri, osafunsa,
poti duku lakuda linali litayankha kale.

Kenaka kunabwera mita ya mabatani,
manambala makumi awiri olowetsa ndi chala chonjenjemera,
ukaphonya imodzi, mdima ndiwo ukuyankha.
Lero kwafika ina yochenjera kuposa apo,
yodziwerenga yokha, yodzinenera yokha kulikulu
popanda odi, popanda kulumidwa.
Buku langa lili kunsi kwa mwendo wa tebulo
kuti lisamagwedere.

Mwana wanga Ndaziona ndiye analowa m'malo,
koma iye sayenda. Amakhala m'chipinda chozizira
kutsogolo kwa galasi lalikulu pomwe mzinda wonse
wayalidwa ngati mitsempha ya kuseri kwa dzanja.
Tsiku lina anandilowetsa.
Uku ndi ku Bangwe, ababa. Apa Chilomoni. Aka kofiiraka
ndi thiransifoma ya ku Manase, yazima mphindi zinayi zapitazo.
Palibe waimba foni, koma tadziwa kale.
Ndinagwira pakamwa. M'masiku anga
tinkamva patapita masiku atatu, kwa munthu wobwera wapansi,
thukuta kamukamu, nyama yake itanunkha kale mufiriji.

Ndinafunsa: nanga kasanduka kobiriwira liti?
Anayang'ana pansi.
Galimoto ili pamzere wa mafuta ku Chichiri chim'mawire.
Mafuta enawo, a m'thiransifoma,
anthu awakhetsa usiku, mkuwa n'kusenza.
Galasili limaona bala, ababa.
Kumanga bala silidziwa.

Che Saukila, owotcherera mageti kumsika,
amati iwo sadandaula kwambiri.
Kale mdima unkafika ngati wakuba,
lero umayamba watumiza uthenga pafoni:
mawa eyiti koloko ndikubwera.
Ndiye amadzuka atambala asanalire,
moto wabuluu n'kumathetheka anthu ali mtulo,
geti n'kutha dzuwa lisanatuluke ku Mpingwe.
Ndi mlendo waulemu tsopano, amatero,
koma kubwera amabwerabe, ndipo sachedwa kuiwala njira yobwerera.

Loweruka lapitali ndalama inachoka m'foni yanga,
manambala osafika. Netiweki, anatero.
Mita inalira usiku wonse, tswii, tswii,
ngati mwanapiye wotayika,
mdzukulu wanga akuthamangitsa masamu ake
mayunitsi awiri otsalawo asanathe.
Anafika m'mawa manambalawo, ali phee, osapepesa.

Sindikana, mzinda ukuwala kuposa kale.
Madzulo ndikaima pakhonde kuyang'ana ku Soche
nyali zimakwera phiri mpaka pomwe kunali tchire,
madenga ena akumwa dzuwa masana
kuti alavule kuwala usiku.
Chala changa chimawerengabe chokha, n'chizolowezi,
n'kuima pomwe pali chigamba chakuda.

Dzulo ndinamufunsa Ndaziona chinthu chimodzi.
Mita ya munthu ikangoti zii mwezi wathunthu,
galasi lako limati chiyani?
Anati limaika chizindikiro chachikasu:
tikukayika, mwina alumikiza mwakuba.
Ndinati, mwina pagwa maliro.
Mwina mayi wazimitsa zonse, wakhala mumdima dala.
Anakhala chete nthawi yaitali, dzanja lili pakibodi.
Batani limenelo palibe, ababa.
Kenaka anatenga kapepala, n'kubwereka pensulo yanga.