Masheya a Wanangwa

Lachisanu lomaliza la mwezi. Mvula yowaza ya ku Luwinga
yaphimba mawindo a ofesi.
Ndatsala ndekha ndi kompyuta, ndi fungo la khofi
lochokera kuseri komwe makina azima kale.

Pa mzere wachisanu ndi chiwiri pali dzina lako, Wanangwa Chavula.
Masheya zikwi zinayi.
Bwana analonjeza atavala tayi yofiira:
ukakhala nafe zaka zitatu, ndi ako.
Unaomba m'manja kuposa tonse,
madzulo ake n'kumawerengera pa foni njerwa ndi malata
a nyumba ya ku Mchengautuwa
yomwe ngakhale maziko ake anali asanakumbidwe.

Kuyambira pamenepo, mwezi ukatha
ndinkabenthula kachidutswa ka lonjezo lija,
kumanzere n'kulemba kuti kampani yawononga,
kumanja n'kukusungira.
Palibe tambala inatuluka m'thumba la munthu.
Buku limangofuna kudziwa lero
mtengo wa thukuta lomwe adzalipire mawa.

Ndinalemba miyezi makumi atatu ndi umodzi.
Inatsala isanu.

Kenako bambo ako anagwa m'munda ku Euthini,
mbali imodzi n'kufa ziwalo.
Unapempha tchuthi, anakupatsa masabata awiri.
Sabata yachitatu inabwera kalata ya mizere inayi,
makiyi a mosungira katundu ali mu envulopu momwemo.
Kapu yako yothyoka chogwirira inatsala pa shelefu.

Lamulo la mabuku silifunsa kuti kwagwanji.
Limati wochoka tsiku lisanakwane sanagwire kanthu,
zonse unalemba zija, bweza.
Ndiye usiku uno ndikuyenda chafutambuyo,
za kumanzere ndikuziwolotsera kumanja,
miyezi yonse ija ikufufutika ndi batani limodzi,
ndipo m'munsi mwa tsamba
phindu la kampani lakwera.
Lakwera, Wanangwa. Kuchoka kwako kwatinenepetsa.

Chaka chatha a Nyasulu, odzafufuza mabuku,
anandifunsa akupukuta magalasi ndi nsonga ya jekete:
pa anthu khumi olonjezedwawa,
ndi angati adzachoke nthawi isanakwane?
Ndinati awiri. Tinalemba awiri, n'kupita kukadya.
Nambalayo inalibe nkhope.
Sindinadziwe kuti ndalemba munthu
amene ankandigawira chinangwa chophika ikamakwana teni koloko,
amene anandiphunzitsa kupereka moni m'Chitumbuka
anthu osandiseka.
Wachiwiriyo sindikumudziwabe.
Lolemba ndidzayang'ana anzanga pa geti mmodzimmodzi,
kapena pagalasi.

Masheya ako abwerera m'nkhokwe ya kampani,
adikira wina wodzaomba m'manja.
Mbali ziwiri zafanana, palibe chosowa,
mlonda akugogoda kuti atseke.
Panja wakabaza wanga wa ku Chibavi wafunda pepala la pulasitiki,
akuliza belu.

Kapu ija ndaitsuka.
Ndaima nayo pakhomo,
sindikudziwa ndiilembe mbali iti.