Chidindo

Bambo anga, a Makwinja, ankagwira ntchito kosindikizira mabuku a boma,
kumtunda kuja kumene nkhungu ya phiri la Zomba
imatsikira m'mamawa kudzanunkhiza inki.
Ntchito yawo inali kusaka zolakwika.
Tsamba lililonse ankalimenya chidindo kamodzi,
likangolowa m'makina ankakhwatcha chilolezo
kuti wa usiku asadzalisindikizenso.
"Buku lobwereza tsamba," ankatero akupukuta magalasi,
"ndi bodza lovala jekete."

Ine ndili kumunsi kuno, ku labotale ya chipatala chachikulu,
diso pa maikulosikopu, khutu kwa jenereta.
Lero pagalasi pali Abiti Jafali a ku Songani,
osati nkhope yawo ayi,
koma timaselo ta pakhomo la chiberekero
topakidwa utoto wobiriwira ndi wofiirira.

Bambo, mukanakhala moyo ndikanakuuzani
kuti ntchito yanu ndinaipeza muno, m'kati mwa selo.
Muli ulusi wa DNA, wopotedwa pawiri,
zilembo zinayi zokha
koma zondandalikana mpaka mabiliyoni.
Selo lisanagawike limayamba lafatsa,
kufunsa ngati chakudya chilipo, ngati anzake avomera,
uku timapuloteni tikuyenda m'mbali mwa ulusi
kumenya zidindo:
yambira apa,
iwe apa,
iwenso uko.
Zikatha zimenezo, wodinda amalandidwa inki.
Pokhapo m'pamene okopera amamasula ulusi,
aliyense kuthamanga chigawo chake
mpaka atagundana mphumi ndi mnzake wochokera kutsidya.
Chidindo chikagwira ntchito chimafufutika.
Nthawi yodinda ndi ina, yokopera ndi ina,
ziwirizi sizipatsana moni pakhonde.
Kamodzi, bambo. Tsamba lililonse kamodzi basi.

Mulinso mlonda wosalandira ya fanta.
Akaona ulusi waduka kapena chilembo chapendama
amatsitsa chitsulo pamsewu:
palibe kudutsa mpaka amisiri asoke.
Zikakanika kusokeka amanong'oneza selo,
longedza, uzipita mwakachetechete
kuti thupi litsale.
Ndipo limapitadi, lopanda maliro, lopanda nkhata ya maluwa.

Koma pagalasi la lero mlonda sakuoneka.
Kachilombo kanalowa zaka zapitazo, mwina ukwati usanathe chaka,
kanamuthira unyolo, nkuthyola loko wa pachipata.
Taonani mitima ya maselowa, yakuda bii, yotupa,
yopanikizana ngati minibasi ya ku Chinamwali tsiku la malipiro,
kondakitala akungoitanabe, malo alipo, malo alipo.
Makina akusindikiza usiku wonse
wowerenga zolakwika atachotsedwa ntchito.

Ndasuntha galasi pang'ono. Ndasunthanso.
Khosi lauma.
Ndawerenga kachiwiri monga munkachitira inu,
chala chikuyenda pansi pa mzere.
Zikuoneka kuti sanalumphe mpanda.
Adokotala akatsimikiza, pamenepa mpotheka kuwotcha,
mphindi zochepa, munthu nkubwerera kwawo pa kabaza.

Panja pabenchi iwo sakudziwa za ulusi.
Akudandaula za tomato amene asiyira mwana pamsika,
ndi mvula imene yayamba kuda cha ku Malosa.
M'thupi mwawo momwemo, m'mafupa, m'matumbo, pakhungu,
maselo ena osawerengeka akusungabe lamulo,
kudinda, kudikira, kukopera, kuleka,
popanda wowayamika.

Kuleka.
Ndi mawu amene sindinkawamva bwino ndili mwana.
Ndinkayesa moyo ndi kuchulukana basi,
mpaka tsiku lija galasi linandicheka chala:
bala linadzaza, khungu linakumana ndi khungu,
kenako linaima lokha.
Ndani analiuza kuti pakwana?

Ndalemba zotsatira, dzina, tsiku, nambala.
Likangala wayamba kale kusefukira matope,
ndiyenera kuwoloka kusanade.
Ndatsegula kabati, ndatenga chidindo cha labotale,
ndachiuzira mpweya chifukwa inki ikutha,
ndamenya papepala la Abiti Jafali.

Chaoneka mofooka, theka la mawu silikuwerengeka.
Dzanja lafuna kubwereza.
Ndalibweza.