Mota ya ku Siyaso

Makina a bambo anga ankadziwa liwiro limodzi lokha,
liwiro la kombi yopita ku Glen View Lachisanu madzulo.
Ukangodina swichi, basi,
chipika chilichonse, chowongoka kaya chokhota,
chinkayenera kuthamanga.

Miyendo ya matebulo inkapirira.
Koma tsiku lina anamangapo chitsa cha jakaranda
cholemera mbali imodzi ngati munthu wa ngongole.
Chinagwedeza benchi, chinagwedeza malata,
kenaka chinathawa,
n'kutenga mano awiri a bambo ngati kamba wa paulendo.
Kuyambira pamenepo mbale zikuluzikulu anazileka.
Ankati zilibe msika.
Ine ndinkaona chala chawo chikuzengereza pa swichi.

Mota ndinaipeza ku Siyaso, pansi pa zitseko za mafiriji,
m'mimba mwa makina aja othamangirapo anthu okhuta,
othamanga ola lathunthu osafika kulikonse.
Wogulitsa anati madola makumi anayi, yachokera ku Borrowdale.
Ndinati Borrowdale sindikugula, ndikugula mota.
Tinamvana pa makumi awiri ndi asanu,
kabokosi ka mawaya n'kundiikira ka banyira.

Pa mabowo anayi, limodzi lokha ndilo linalola bawuti.
Enawo ndinaboola ndekha.
Puli yakale inakana kulowa,
lamba anafupika ndi zala ziwiri,
ndipo sabata yonseyo magetsi ankabwera anthu atagona
ngati mwamuna wamitala.
Ndinkalumikiza mawaya foni ili kukamwa, ikuwunikira.
Mafyuzi awiri anapsa. Lachitatu linandikhululukira.

A Chitekwe a masofa anasuzumira pa mpanda:
"Mwana wamkazi ndi magetsi, a Mkwezalamba?
Shedi ikapsa musadzandidzutse."
Bambo sanayankhe.
Anali kalikiliki kukulunga mota yakale m'thumba la feteleza,
ija anagula agogo ndi malipiro omaliza a ku Willowvale,
chaka chomwe analeka kunena zobwerera ku Dedza.

Loweruka magetsi anafika cha m'ma leveni usiku.
Bambo anatulutsa chipika chomwe anabisa zaka zitatu,
chomwe onse kuno amati mukwa,
iwo okha amati mlombwa, ndipo sasintha.
Anachimanga. Anamangitsanso.
Anaima pambali, pomwe chinthu chothawa sichingadutse.

Ndinapotoza kachitsulo pang'ono chabe.

Chipika chinatembenuka
ngati munthu wosintha mbali m'tulo.
Mzere wa pensulo unadutsa, ndinauona,
unabweranso, ndinauonanso.
Benchi sinanjenjemere.
Kapu ya tiyi pa alumali sinadziwe n'komwe kuti tayamba.

"Onjezera."
Ndinaonjezera.
"Wapitirira, Mwaiwathu. Bwerera pang'ono.
Apo. Apo pomwepo."

Tchizulo inagunda kaye, tu, mpweya, tu, mpweya,
kudya makona okha,
mpaka tu ndi tu anagwirana n'kukhala mawu amodzi.
Pamenepo ndipo anandichotsa dzanja pa kachitsulo
n'kuikapo lawo.
Anakweza okha.
Zopala zinayamba kutuluka zazitali, zofiirira,
kugwera pa mkono, pa nsapato, m'tiyi muja.

Manambala ofiira a pa kabokosi sawakhulupirira.
Anatenga msomali n'kukanda mizere itatu pa chitsulo:
wa chipika chosadziwika khalidwe,
wa mbale yoyamba kumva,
ndi wa sandipepa.
Pakati pa mizereyo anati ndi pa iwo ndi mtengo,
ine zisandikhudze.

Magetsi anathima folo koloko isanakwane.
Mbale inatsala theka, kunja kosalala, m'kati mosakumba.
Mota yakale ikadali pansi pa benchi,
akuti ndisaigulitse, za mawa sizidziwika.

Koma potseka shedi mumdima muja,
akufufuza loko ndi manja odzaza utuchi,
ndinamva kamluzu kochepa, kosongoka,
kotulukira pa mpata uja
unasiyidwa ndi jakaranda.