Mbali ya Kumanzere

Ine Bonifasiyo wa ku Tsangano,
zala zanga zimadziwa ntchito.
Ndikapisa m'mzere wa kachewere
ndimadziwa wokhwima ndi wanthete
khasu lisanagwe.
Koma tsiku lija Firimina anandiitana kuseri,
madzi akuzirala m'beseni,
nati, "Tagwirani apa, inu,"
ndinapapasa kathumba ka mwana wanga.
Kumanja kanthu ngati nsawa.
Kumanzere khungu lokhalokha,
lophwa ngati saka msika utatha.

Namwino wa kusikelo anati tidikire,
mwina litsika lokha.
Tinadikira. Miyezi isanu ndi umodzi inakwana.
Amadeyu anayamba kukhala, kenaka kukwawa,
mano awiri anabwera osaitanidwa,
koma chomwe tinkaitanacho, zii.

Malume ake anati alipo anatimangira.
Mlamu anati, "Bola lilipo limodzi,
ng'ombe ya nyanga imodzi imagundabe."
Ndinaseka nawo.
Usiku ndinawerenga nsichi za nyumba mpaka tambala.

Ku Ulongwe dotolo anayamba wafunditsa manja,
natsata ndi zala kuchokera m'chiuno kutsika,
mwana ali pa bere.
"Silikumveka. Pitani ku Tete."
Ndinafunsa za makina ounikira amayi apakati.
Iye anapukusa mutu:
"Pa nkhani iyi sitiwadalira.
Akalephera kuliona, sindiye kuti kulibe."

Ndinagulitsa matumba anayi pa mtengo wolira.
Tinakwera shapa mbandakucha, titavala majuzi.
Pofika ku Mowatizi majuzi ali m'chikwama,
fumbi la malasha lili m'mano,
ndipo pa mlatho wa Zambezi
mphepo inali ngati yochoka m'ng'anjo ya njerwa.

Dotolo Selesitina sanazungulire mawu.
"Tchende silikonda kutentha, bambo.
M'mimba ndi ngati kuno ku Tete,
m'kathumba ndi kwanu kumapiri.
Likakhalitsa kuno limafooka.
Timugoneka, tipapasenso thupi litamasuka.
Likapanda kumveka
tilowetsa kadiso kakang'ono pa mchombo.
Mwina lili pakhomo penipeni,
mwina lili patali,
mwinanso linafota iye asanabadwe."
Ndinasaina. Cholembera chinkaterera m'thukuta.

Chitseko chinatsekeka.
Firimina anapinda kamalaya ka mwana,
nakapindula, nakapindanso.
Panja mnyamata ankagulitsa malambe oumitsa m'timapepala,
ndinagula awiri, anasungunukira m'manja.
Ine wozolowera kudzifukulira ndekha
ndinakhala pa benchi ngati khasu lobwereka
pomwe ena ankafunafuna m'munda mwanga.

Atatuluka anatsitsa kansalu kakukamwa.
"Lilipo. Lamoyo.
Koma chingwe chake n'chachifupi,
tikalikoka lero tilipha.
Talikonzera njira ina ya magazi.
Mubwere ikatha miyezi isanu ndi umodzi
tidzalitsitse."

Pa mimba pake timapulasitala titatu basi.
Anadzuka ndi ukali, kufuna bere.

Pobwerera, msewu utayamba kukwera,
ndinamuveka juzi, ndinavala langa.
Kwathu afunsa kuti mwabwera nalo?
Ndiwayankha kuti taliona komwe lili.

Mawa ndikupita kudimba.
Mizere isanu ndi itatu ya kumadzulo
ndaitchula kale dzina:
imeneyo ndi ya shapa,
ndi ya mlatho,
ndi ya mbali ya kumanzere.
Wobwera kudzapempha mbewu chaka chino
andikhululukire.